Akuti sitinali pabanja, ndipo mwana akumukana: ndiyambire pati?

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake. Ndaifupikitsa chonchi:

"Ndakhala nyumba imodzi ndi bambo a mwana wanga kwa zaka 6, koma ukwati sitinalembetse kulikonse. Mwanayo ndi wamkazi, wa zaka 4. Papita miyezi 8 chichokereni bambowo kukakhala ndi mkazi wina, ndipo sanaperekepo kanthu kalikonse. Ndikawaimbira amati sitinali pabanja, choncho palibe chimene ndingawachite. Pano ayambanso kunena kuti mwanayo akumukayikira. Pa satifiketi ya kubadwa dzina lawo palibe. Kodi ine ndine wokwatiwa kapena ayi? Kodi tiyenera kusudzulana kaye ndisanapemphe chithandizo? Nanga ndiwaletse kuona mwana mpaka atayamba kupereka?"

Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamozi. Miyezi 8 mukusenza nokha katundu wa anthu awiri si masewera, ndipo kumva munthu akukana mwana amene ankamuyangata yekha kumapweteka kuposa kusowa kwa ndalamako.

Bambowo asakaniza nkhani ziwiri, ndipo ndikuona kuti nanunso akusokonezani nazo. Nkhani yoti munali pabanja kapena ayi ndi ya inu awiri akuluakulu. Nkhani ya chithandizo ndi ya mwana. Yachiwiriyi sidikira yoyamba. Mwana ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake onse awiri, kaya makolowo anachita ukwati wa m'tchalitchi, kaya anangolowana, kaya anakumana usiku umodzi wokha. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa pa 20 November 1989 ndipo mayiko 196 analowamo, limanena m'ndime 18 kuti kulera mwana ndi udindo wa makolo onse awiri. Ndime 27 imalamula maboma kuti akhale ndi njira zotolera ndalama zosamalira mwana kwa kholo limene likuzemba, ngakhale litakhala kunja kwa dziko. M'ndime zimenezi mulibe mawu oti "ngati makolowo anakwatirana". Choncho yankho la funso lanu lachiwiri ndi lalifupi: ayi, simufunika chisudzulo kuti mupemphe chithandizo cha mwana. Mutha kuyamba mawa.

Funso loti ndinu wokwatiwa kapena ayi ndi limene limasintha kwambiri malinga ndi dziko limene mukukhala. Ku England, ngakhale mutakhala limodzi zaka 30 n'kubereka ana asanu, pamaso pa lamulo si inu mwamuna ndi mkazi wake ngati simunamangitse ukwati, ndipo anthu ambiri kumeneko amazindikira zimenezi mochedwa, tsiku losiyana. Ku Scotland ukwati wongodziwika ndi kukhalira limodzi unkavomerezedwa, koma anauthetsa mu 2006. Ku America, zigawo zochepa monga Texas ndi Colorado zimauvomerezabe. Ku Malawi, lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kugamula kuti anthu amene akhalira limodzi ndi banja, pokhapokha ngati akhala zaka zosachepera 5, ndipo woweruza amayang'ananso ngati ankadalirana pa ndalama, ngati anagula katundu limodzi, ngati ali ndi ana, komanso ngati anthu ankawadziwa kuti ndi banja. Muonetsetse apa: amene amagamula ndi khoti. Si bambowo pa foni, ndiponso si inuyo.

Phindu lodziwa zimenezi lili pa katundu ndi pa chithandizo chanu inuyo panokha. Kumene lamulo lingakuoneni ngati wokwatiwa, mukhoza kupempha kuti ukwatiwo uthe mwalamulo, katundu amene munapeza limodzi agawidwe, ndipo mwina mulandire thandizo kwa kanthawi. Kumene silikuonani choncho, palibe ukwati woti uthetsedwe, ndipo pa katundu mudzadalira umboni wa zimene munasonkhapo inuyo. Za chisudzulo sinditalikitsa. Ndingoti mayiko ambiri anasiya zofuna kuti wina apezeke wolakwa kaye: California inayamba mu 1970, England ndi Wales anatsatira mu April 2022. Chimene makhoti ambiri amafunsa masiku ano ndi chakuti, kodi banjali lafikadi posabwereranso?

Tsopano tibwere pa nkhani yaikulu, yokana mwana.

Lamulo lili ndi mfundo yakalekale, yochokera kwa Aroma, yakuti mwana wobadwa m'banja amatengedwa kuti ndi wa mwamuna wa m'nyumbamo, mpaka wina atabweretsa umboni wotsutsa. Mukanakhala ndi chikalata cha ukwati, ntchito yotsimikiza kuti mwana si wawo ikanakhala ya bambowo. Popeza chikalata palibe ndipo dzina lawo silinalembedwe pa satifiketi, choyamba chimene khoti lidzachite ndi kugamula kuti bambo wa mwanayu ndani. Zisakuopseni. Kusowa kwa dzina pa satifiketi sikutanthauza kuti mwana alibe bambo. Kumangotanthauza kuti nkhaniyo sinalembedwebe.

Umboni wake ndi zinthu zimene muli nazo kale, mwina osazindikira kuti ndi umboni. Mauthenga a pa foni amene analemba kuti "mwana wanga wagona bwanji". Khadi la kusikelo kapena fomu ya kusukulu ya mkaka pamene pali dzina lawo. Zithunzi za tsiku limene munatuluka m'chipatala. Mbiri ya ndalama zimene ankatumiza kale. Mwini nyumba imene munkachita lendi, aneba, abale awo amene ankabwera kudzaona khanda. Ndikupempheni chinthu chimodzi lero lomwe: musafufute uthenga uliwonse chifukwa cha mkwiyo. Jambulani mauthengawo, tsiku ndi nambala zikuoneka, mutumize kwa m'bale amene mumamukhulupirira. Foni imatayika, imagwera m'madzi, ndipo nthawi zina imasowa pa tsiku lomwe ikufunika kwambiri.

Ku South Africa, lamulo la ana la 2005 limanena kuti zikatsimikizika kuti mwamuna anagona ndi mayiyo pa nthawi imene mimba ikanatha kulowa, iye amatengedwa kuti ndiye bambo, pokhapokha pakhale umboni wopereka chikayiko chomveka. Zaka 6 m'nyumba imodzi ndi umboni wolemera kulikonse.

Akapitiriza kukana, pali kuyeza DNA. Njirayi anaitulukira ndi Alec Jeffreys pa yunivesite ya Leicester mu 1984, ndipo mlandu woyamba umene inathandiza, mu 1985, unali wa mnyamata wa banja lochokera ku Ghana amene akuluakulu oona za olowa m'dziko la Britain ankakayikira ngati analidi mwana wa mayi ake. Mfundo yake ndi yosavuta: theka la DNA ya mwana limachokera kwa mayi, theka kwa bambo. Kuyezako sikupweteka. Namwino amatenga kamtengo ka thonje kunsonga, n'kupukuta mkati mwa tsaya la mwana kwa masekondi ochepa, kenako la bambo, basi. Mwana wa zaka 4 amangoona ngati akumutsuka m'kamwa. Zotsatira zimabwera ziwiri: kaya munthuyo si bambo n'komwe, kaya mwayi woti ndi bambo uli pa 99.9 peresenti kapena kuposa.

Chenjezo langa ndi lakuti musayeze mobisa, monga kutenga mswachi wawo kapena tsitsi. M'mayiko ena umenewo ndi mlandu, ndipo makhoti ambiri salandira zotsatira zimene sizikudziwika kuti anatenga ndani, kwa yani, pamaso pa yani. Pemphani kuti khoti lomwelo lilamule kuyezako. Nanga akakana kuyezetsa? Ku England ndi ku South Africa komwe, lamulo limalola woweruza kuona kukanako ngati chinthu chofooketsa mawu a wokanayo. Munthu amene akukayikadi moona mtima sathawa kamtengo ka thonje. Ndipo ndinene mwachilungamo: mwamuna amene ali ndi chikayiko chenicheni ali ndi ufulu wofuna kudziwa zoona, monganso mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake. Chimene sindigwirizana nacho ndi chikayiko chobadwa munthu atasamukira kwa mkazi wina, patatha zaka 4 akuyankha akamaitanidwa kuti "adadi".

Ubambo ukatsimikizika, khoti limawerengera zinthu ziwiri: zimene mwana amafuna ndi zimene kholo lililonse limapeza. Mayiko ena ali ndi masamu oikika. Ku England, pa mlingo wamba, kholo limene silikhala ndi mwana limapereka 12 peresenti ya malipiro ake pa mwana mmodzi, 16 pa awiri, 19 pa atatu kapena kuposa. Kwina woweruza amaona yekha malinga ndi umboni. Apa ndi pamene amayi ambiri amataya mwayi, chifukwa akafunsidwa kuti mwana amadya ndalama zingati pa mwezi amangoyankha kuti "zambiri". Tsiku lina ndili pa benchi panja pa khoti ndinakhala pafupi ndi mayi amene anali ndi kope la ana asukulu, makona ake opindikapindika. Tsamba lililonse linali mwezi umodzi: fizi, mankhwala a chifuwa, nsapato, sopo, thiransipoti ya kuchipatala, ndipo malisiti anawamata ndi selotepi kuseri kwa tsambalo. Analibe loya. Koma palibe funso la ndalama limene akanalephera kuyankha. Gulani kope lotero, muyambe kulemba mwezi uno, ndipo ya miyezi 8 yapitayi mulembe zimene mukukumbukira bwino. Mulembenso kumene bambowo amagwira ntchito kapena bizinesi imene amachita. Dziwaninso kuti nanunso mudzafunsidwa zimene mumapeza, chifukwa udindowu ndi wa nonse, ngakhale kuti kukhala ndi mwana usana ndi usiku nakonso ndi kupereka.

Abale akadzakukhazikani pansi n'kugwirizana ndalama ya pamwezi, zili bwino ndithu, ndipo nthawi zambiri zimasunga mtendere kuposa kusumirana. Koma pangano la pakamwa limauluka. Lilembedwe, nonse musaine, ndipo mulipititse kukhoti kuti likhale chigamulo. Chigamulo ndiye chili ndi mano: m'mayiko ambiri, monga pansi pa lamulo la South Africa la 1998, khoti likhoza kulamula abwana a munthuyo kuti azidula ndalamayo kumalipiro isanafike m'manja mwake, kapena kulanda katundu wa amene wasiya kupereka. Chigamulocho chimathanso kusinthidwa mwana akamakula, kapena bambowo ntchito ikawathera.

Funso lanu lomaliza ndi limene landikhudza kwambiri, ndipo yankho langa mwina simulikonda. Musawaletse kuona mwana. Ndikumvetsa chifukwa chake mukuganiza choncho: ndi chida chokhacho chimene mukuona kuti chatsala m'manja mwanu. Koma makhoti ambiri amasiyanitsa nkhani ya ndalama ndi ya kuonana, ndipo pangano la 1989 lija, m'ndime 9, limati kuonana ndi makolo onse awiri ndi ufulu wa mwanayo, pokhapokha ngati kungamuvulaze. Mukatseka chitseko, bambowo adzapeza choyankhula pamaso pa woweruza, ndipo mwana wa zaka 4 sadzamvetsa za ndalama. Adzangoona kuti adadi sabwera. Zikanakhala kuti pali nkhanza, kumenya, kuledzera koopseza mwana, kapena mantha oti angathawe naye, imeneyo ndi nkhani ina: mukanene kupolisi ndi kukhoti msanga, ndipo mupemphe kuti kuonanako kuzichitika pali munthu wina. Ngati zotere palibe, asiyeni abwere. Tsiku lililonse limene abwera mulilembe m'kope muja, chifukwa munthu amene amabwera kudzaona mwana amavutika kufotokozera khoti kuti mwanayo samudziwa.

Poyambira ndi pa khoti la majisitileti kapena la za mabanja limene lili pafupi nanu. Mukafunse kalaliki fomu yopemphera chithandizo cha mwana, ndipo mumuuze pomwepo kuti bambo akukana mwana, kuti nkhani ziwirizo zilowe limodzi. Mukafunsenso kumene kuli ofesi ya maloya othandiza anthu mwaulere, makamaka pa nkhani ya zaka 6 zija ndi katundu. Mutenge chiphaso chanu, satifiketi ya mwana, khadi la kusikelo, mauthenga osindikiza papepala, kope lanu, ndi adiresi ya kumene bambowo angapezeke kuti masamani akawafike.