Dalaivala "wa" kapena "ya"? Mafunso a otsogolera makwaya ku Mulanje ndi ku Thyolo

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu a makwaya, ndipo onse akuzungulira pa chinthu chimodzi: kompyuta yakale yomwe amalembapo manotsi a nyimbo, koma akafuna kuti iwaimbire imangoti zii. Poyankha ndikhudzako ndi za makinawo, chifukwa munthu sangasankhe liwu loyenera asanachidziwe chinthu chimene akuchitchulacho.

Bambo wina wotsogolera kwaya ku Chonde akufunsa kuti: "Mpingo unatipatsa laputopu yakale ya Windows 7. Mnyamata wina wa ku Luchenza anaifufuta n'kuikamonso Windows, ndipo kuyambira tsiku limenelo situlutsa mawu. Iye akuti mulibe dalaivala. Polemba lipoti ku komiti, ndilembe kuti dalaivala wa mawu kapena dalaivala ya mawu? Alembi athu akuti dalaivala ndi munthu, ndiye pakhale wa."

Bambo, lembani "dalaivala ya mawu", pakuti mukunena kapulogalamu ka m'kompyuta osati munthu. Alembi anu akunena zoona pa za munthuyo. Wa minibasi ya ku Limbuli timati "dalaivala wathu wafika", pomulemekeza n'kumati adalaivala. Koma dzina lobwereka likalowa m'Chichewa limatsata chimene likutchula. Likamatchula munthu limatenga agwirizanitsi a munthu: wa, uyu, wathu. Likamatchula chipangizo, kawirikawiri limagwera m'gulu la nyumba ndi njinga, n'chifukwa chake timati kompyuta yanga, foni iyi, wailesi yathu. Umboni wake uli pakamwa panu pomwe. Ku Lilongwe kuli Sipika wa Nyumba ya Malamulo, pomwe m'tchalitchi mwanu muli sipika ya kumanzere imene yaphulika. Liwu ndi limodzimodzi, "wa" ndi "ya" ndiye akusiyanitsa munthu ndi chinthu, ndipo khutu la Mmalawi aliyense limazimva popanda kuphunzitsidwa m'kalasi. Zikachuluka zimakumana: madalaivala a minibasi, madalaivala a kompyuta.

Alipo ofuna kuti tizinena kuti "choyendetsa" kuti tithawe liwu lobwereka. Ine sindikuvomereza, chifukwa mukapita kwa wokonza n'kunena kuti choyendetsa chasowa, ayamba kufunsa ngati mukunena batire kapena chaja. M'lipotimo ingofotokozani kamodzi kuti dalaivala ya mawu ndi kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kulankhulana ndi chipangizo chotulutsa mawu cha m'kati mwa laputopu, kenako pitirizani ndi liwu lomwelo. Pa kalembedwe, peŵani "draiva". Malamulo amene Chichewa Board inayamba kutulutsa mu 1973 amaika r pambuyo pa i ndi e, l m'malo ena onse, ndiye "dalaivala" ndi "pulogalamu" zili bwinobwino ndi l wawo.

Mnyamata wa ku Luchenzayo ayenera kuti akunena zoona, pakuti Windows ikaikidwa kachiwiri, madalaivala amene anabwera ndi makinawo amapita ndi zofufutidwazo. Mutha kuona nokha. Tsegulani Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse za m'kompyutamo. Mukaona kachizindikiro kachikasu kokhala ndi mfuwuliro pafupi ndi dzina la chipangizo, dalaivala yake palibe kapena ndi yolakwika. Dinani pamenepo ndi batani la kumanja la mausi, pitani pa Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Mupeza mzere wa zilembo ndi manambala. Mukaonamo VEN_10EC, chipangizocho ndi cha kampani ya Realtek, chimene chimapezeka m'makompyuta ambiri akale. Koperani mzere wonsewo papepala, mulembenso dzina ndi nambala ya laputopuyo, komanso ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, chifukwa dalaivala ya inayo siilowa mwa inzake. Ndi pepala limenelo wokonza apeza dalaivala yeniyeni kwa kampani yomwe inapanga laputopuyo, osachita kulota.

Mayi wina wophunzitsa kwaya ya achinyamata ku Makwasa akuti: "Ndikadina Play mu pulogalamu ya manotsi ya NoteWorthy Composer, mwana wanga amati kompyuta ikusewera nyimbo. Ine zimandiwawa m'khutu. Kodi ndi ukalamba chabe?"

Si ukalamba, mayi. M'Chichewa timasewera mpira, timasewera bawo, ana amasewera pabwalo. Nyimbo timaimba, ndipo mneni yemweyu amagwiranso pa zida: kuimba ng'oma, kuimba gitala, kuimba limba. Tilinso ndi kuliza, umene ndi msintho wochititsa wa kulira: belu likulira, wina akuliza belu, wailesi ikulira, wina akuliza wailesi. "Kusewera nyimbo" kwabwera chifukwa Chingerezi chili ndi mneni mmodzi wa mpira ndi nyimbo zomwe, ndipo tamva kwambiri pa mawailesi mpaka ana akula nako. Aliyense amamva tanthauzo lake, sindikukana. Koma polemba, makamaka polembera kwaya, tili ndi aneni awiri abwino amene sitiyenera kuwasiya akufa ndi njala ya ntchito.

Ineyo ndimawagawira ntchito chonchi. Nyimbo yojambulidwa kale, monga ya MP3, timailiza. Manotsi amene mwalemba nokha, kompyuta imawaimba. Kusiyanitsa kumeneku kukugwirizana ndi zimene zimachitikadi m'makinamo. M'fayilo ya manotsi mulibe liwu la munthu kapena la chida. Pulogalamu monga NoteWorthy imatumiza malangizo a MIDI, njira imene opanga zida zoimbira anagwirizana mu 1983: noti yakuti iyambe tsopano, mwamphamvu chonchi, ithe apa. Pamafunika china cholandira malangizowo n'kupanga mawu. Mu Windows muli kale chotchedwa Microsoft GS Wavetable Synth, chimene mawu ake anachokera ku kampani ya Roland. Chimatsata mndandanda wa General MIDI wa mu 1991, wa zida 128: piyano ili pa 1, limba la m'tchalitchi pa 20, mawu a kwaya oti "aa" pa 53. Ambiri amathamangira 53 poganiza kuti ndiye ya kwaya, koma mawu ake amayamba mozengereza, moti pophunzitsa alto ndi besi piyano ndiyo imaonetsa bwino pamene noti ikuyambira. Ndipo tsiku lina mukadzamva mzere wa besi ukulira ngati ng'oma ndi zisekese, musadzaganize kuti kompyuta yapenga. Mzerewo waikidwa pa channel 10, imodzi mwa njira zodutsamo malangizo a MIDI, imene General MIDI inasungira ng'oma zokhazokha. Usunthireni pa nambala ina, uyambanso kuimba.

Funso limene landigwira mtima kwambiri lachokera kwa achimwene ena okonza makompyuta pa Chitakale. Akuti: "Aliyense wobwera ndi makina amangoti yafa, kapena sikulira. Ndimataya theka la tsiku kufufuza. Kodi Chichewa chilibe mawu osiyanitsira mavutowa?"

Chili nawo, achimwene, ndipo ndi ochuluka kuposa amene anthu amabwera nawo pakhomo panu. Chofunika ndi kuwafunsa mafunso oti mawuwo atuluke. Yambani ndi ili: "Mawu sakutuluka n'komwe, kapena akutuluka koma sakumveka bwino?" Taonani kuti ndati sakumveka, osati sakumvedwa. Kumvedwa ndi msintho wochitidwa, umaloza kwa womvera, monga pamene timati pempho lathu lamvedwa. Kumveka ndi msintho wochitika, umanena za mawuwo eni ake, ngati ali otheka kuwamva. Vuto la makina lili pa kumveka.

Akati sakutuluka n'komwe, funsaninso kuti: "Nanga mukaliza nyimbo ya MP3 kapena kanema?" Zonse zikakhala zii, yang'anani dalaivala monga ndafotokozera bambo a ku Chonde aja, mutayamba mwaona kuti voliyumu siinatsitsidwe ndipo waya wa sipika uli pa bowo loyenera, lomwe pa makompyuta ambiri a patebulo ndi lobiriwira. Koma MP3 ikamalira, pulogalamu ya manotsi yokha n'kukhala chete, dalaivala isiyeni, ilibe mlandu. Pulogalamuyo siinauzidwe koti izitumiza malangizo ake. Mu NoteWorthy Composer pitani pa Tools, Options, kenako Midi, muonetsetse kuti Microsoft GS Wavetable Synth ili m'gulu la zida zimene zikugwiritsidwa ntchito. Mu Sibelius, pulogalamu inanso ya manotsi, nkhani yomweyi ili pa Playback Devices. Pulogalamu ya manotsi ya MuseScore 3 ili ndi choimbira chakechake chogwiritsa ntchito SoundFont, fayilo yosunga mawu a zida zoimbira, ndiye imangofuna kudziwa kotulutsira mawu: Edit, Preferences, I/O. Imakondanso kukhala chete munthu akalumikiza mahedifoni kapena sipika pulogalamu ili yotsegula kale. Kuitseka n'kuitsegulanso kumathetsa zimenezo.

Akati akutuluka koma sakumveka bwino, apa ndiye pamene chiyankhulo chathu chimakuthandizani kwambiri. Mawu akudukiza? Akuthetheka ngati moto wa nkhuni zaziwisi? Akusasa? Akuchedwa? Akunong'ona? Awa ndi matenda osiyana. Kudukiza ndi kuthetheka kawirikawiri kumatanthauza kuti kompyuta ikulephera kukonza mawu pa liwiro limene akufunika. Mwina buffer, kamene ndi kankhokwe kosungiramo mawu pang'ono asanatuluke, kachepa kwambiri. Pamene pulogalamu kapena dalaivala ikulola, kwezani kuchoka pa 256 kufika pa 512 kapena 1024. Mwinanso SoundFont ndi yaikulu kuposa RAM ya makinawo (malo osungamo zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo), kapena pali mapulogalamu ena otsegula amene akulanda mphamvu. Kusasa, makamaka pa manotsi a besi, nthawi zambiri ndi sipika yong'ambika kapena voliyumu yokwezedwa mopyola, ndipo mahedifoni akuuzani msanga: akamveka bwino m'menemo, vuto ndi sipika. Kunong'ona, onani Volume Mixer, chifukwa kuyambira Windows Vista pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake, ndipo ya manotsi ikhoza kutsitsidwa yokha zina zonse zili pamwamba.

Kuchedwa kuli ndi nkhani yake. Kumaonekera pamene munthu walumikiza kiyibodi yoimbira pa kompyuta: wadina do, do n'kubwera pambuyo. Masamu ake ndi apafupi. Ngati makina akutulutsa tizidutswa ta mawu 44,100 pa sekondi, buffer ya 512 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 12 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), ya 2048 pafupifupi 46, ndipo ya 46 ija zala za woimba zimaimva. Ndiye mankhwala a kudukiza amawonjezera kuchedwa, a kuchedwa amabweretsa kudukiza. Ofuna kuchepetsa kuchedwa amagwiritsa ntchito ASIO, njira ya kampani ya Steinberg yofikitsira mawu ku chipangizo mwachindunji, ndipo pa makina opanda dalaivala yakeyake ya ASIO amaika dalaivala yotchedwa ASIO4ALL. Chenjezo langa ndi lakuti ASIO4ALL imakonda kutenga chipangizo cha mawu yokhayokha, moti mapulogalamu ena amakhala chete, ndiponso siimvana ndi Microsoft GS Wavetable Synth zikamagwira ntchito nthawi imodzi. Wotsogolera kwaya amene amangolemba manotsi ndi mausi n'kumvetsera alibe nayo ntchito. Mawu akachedwa pang'ono atadina Play, palibe chimene chaonongeka. Musamuikire.

Mudzaona kuti mukafunsa chonchi kangapo, anthu ayamba okha kubwera akunena kuti "besi ikusasa" kapena "ikudukiza ndikatsegula nyimbo yaitali". Mawuwa amawadziwa kale, amawagwiritsa ntchito pa wailesi ndi pa foni tsiku lililonse. Pa kompyuta pokha ndi pamene amachita mantha n'kumaganiza kuti vuto lake liyenera kunenedwa m'Chingerezi.

Lomaliza ndi lachidule, lochokera kwa achemwali ena a ku Bvumbwe amene akufuna kulemba malangizo papepala n'kumata pafupi ndi kompyuta ya kwaya: "Ndilembe kuinsitola kapena kuika? Nanga mayina a mabatani ndimasulire?"

Kuika kapena kulowetsa n'kokwanira, ndipo agogo a mu kwaya amva msanga kuposa kuinsitola. Pa dawunilodi, ambiri timati kupanga dawunilodi, ena kukopera pa intaneti, zonse zili bwino bola musankhe chimodzi m'pepala lonse. Mayina a mabatani musamasulire. Munthu akawerenga "Zida" papepala n'kukapeza Tools pa sikirini, asochera. Chiganizo chikhale cha Chichewa, dzina la batani likhale monga likuonekera.

M'malangizowo muonjezemo ziwiri izi. MuseScore 4, imene inatuluka mu Disembala 2022, imafuna Windows 10 kapena yoposa, ya 64-bit, ndiye pa makina a Windows 7 aziika MuseScore 3.6.2. Chinanso, Microsoft inasiya kuteteza Windows XP mu Epulo 2014 ndi Windows 7 mu Januwale 2020, choncho kompyuta yoteroyo ndi bwino isamalumikizidwe pa intaneti. Dalaivala ikoperedwe pa makina ena, ibwere pa fulashi yopimidwa kuti ilibe mavairasi, ndipo mapulogalamu olonjeza kukupezerani madalaivala onse nthawi imodzi aziwapeŵa. Mzere woyamba wa pepala lanu ukhoza kukhala wotere: "Lumikizani sipika musanatsegule MuseScore. Ikapanda kuimba, itsekeni, muitsegulenso. Ikakanabe, lizani nyimbo ya MP3, kenako mukauze wokonza ngati yalira kapena ayi."