Mawu mumawadziwa achemwali, koma mukuwayala Chichewa

Achemwali, madamu amene mumawagwirira ntchitowo akamati sakukumvani mukamalankhula Chingerezi, si kuti mawu simukuwadziwa ayi. Mukutenga mawu a Chingerezi n'kuwayala mmene timayalira Chichewa.

Kwathu mneni amanyamula zonse. "Ndinamulipira bwana" kaya "bwana ndinamulipira", palibe chasintha, chifukwa ndi- ndi -mu- anena kale amene wapereka ndi amene walandira. Chingerezi chilibe zimenezo, chimadalira malo. Wochita ayambe, mneni atsatire, kenako chochitidwacho, malo, nthawi kumapeto: "I left the keys in the kitchen on Monday." Mukasinthanitsa anthu awiri ngongole yasinthanso mwini. "The boss owes me R800" ndi ndalama zanu, "I owe the boss R800" mwadzimanga nokha. Chimodzimodzi "I paid" ndi "I was paid", ka was kokhako kasiyanitsa wolipira ndi wolipidwa.

Koma chimene chachotsetsa anthu ntchito kuno ku Joni ndi funso lokhala ndi not. Ndalama zasowa kuchipinda, mwaitanidwa mutagwira mopu m'manja, abwana aima pakhomo, mwina aitana kale a security. Funso likubwera mothamanga: "So you didn't take the money?" Mutu ukumva kuti "simunatenge ndalama?" ndipo Mchewa aliyense amayankha kuti inde, sindinatenge. Pakamwa patuluka "Yes." Iwo amva kuti mwavomera kuba. Akafunsanso "Didn't you lock the gate?" inu munakhoma bwinobwino, mumtima mukuti ayi ndinakhoma, mwatulutsa "No." Mlandu wachiwiri umenewo. Mukayamba kufotokoza mawu akunjenjemera, he ndi she zasokonekera poti ife tili ndi iye mmodzi yekha, basi akuti mukusintha nkhani. M'Chingerezi yes ndi no sizivomereza funso, zimatsata zimene zinachitika. Ndiye musayankhe liwu limodzi, malizani chiganizo: "No, I didn't take it." "Yes, I locked it."

Ndipo mabwana ena amadziwa bwino lomwe kuti munthuyu wasokonezeka chilankhulo, sanabe. Amangokondwa kuti apeza podulira malipiro a mwezi, podziwa kuti timaopa nkhani ya mapepala. Munthu wakulerera ana zaka, lero ukumukola ndi ka yes? Nkhanza zenizeni. Mukachotsedwa motero, ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito kuno ku South Africa, nkhani imayenera kufika pasanathe masiku 30, fomu yake ndi LRA 7.11, ndipo ili ndi malo opemphera womasulira.

Pa mafunso anu omwe, ife timaika kuti, liti, chiyani kumapeto, n'chifukwa timati "You are going where?" M'Chingerezi liwu lofunsira limatsogola, mneni wothandizira n'kudumpha wochita: "Where are you going?" Ngati palibe is, are, can kapena will, bwerekani do, does kapena did, ndipo did ikalowa mneni abwerere mwakale: "When did you go?", osati went. Funso likalowa m'mimba mwa linzake kudumpha kuja kumatha: "Can you tell me where Park Station is?" Is kumapeto. Afotokozi nawo amatsogola, "the big black bag", pamene ife timayamba ndi chikwama.

Komabe musachite kuuma pakamwa poopa galamala. Pa renki ya maminibasi ya Bree kapena Noord anthu amangoti "borrow me ten rand", mabuku amati lend, koma palibe amafunsa kawiri. Phwanyani Chingerezicho, muzilankhula basi. Pokhapo pakakhala ndalama, masiku a ofu kapena mlandu, nenani "Please ask me again slowly", ndipo mukagwirizana alembereni pa WhatsApp chiganizo chathunthu chokhala ndi deti ndi kuchuluka kwa ndalamazo.