Musagulitse ng'ombe chifukwa cha sikolashipi ya ku China

Mtsikana wina wa ku Mchinji walemba kuti: "Ndakhoza MSCE ndi mapointi 16. Bambo anga apezana ndi munthu amene akuti andipezera sikolashipi yokaphunzira udokotala ku China tikamupatsa ndalama, ndiye akufuna agulitse ng'ombe ziwiri. Ine mtima wanga uli pa zaukazembe, ndimafuna ndidzakhale kazembe. Nditani?"

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, makalata otere sasowa. Chimasintha ndi chogulitsidwacho basi, pena ng'ombe, pena munda, pena njinga yamoto.

Ndiyambe ndi inu bambo, poti ng'ombezo ndi zanu. Sikolashipi ya boma la China sagula. Imayendetsedwa ndi bungwe la China Scholarship Council, ndipo njira zake ndi ziwiri: kudzera ku boma lathu ndi ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe, kapena kufunsira mwachindunji ku yunivesite ya ku China komweko pa intaneti. Amene wasankhidwa amalipiriridwa fizi, malo ogona ndi inshuwalansi ya chipatala, kuphatikizapo ndalama ya mwezi: mayuan (ndalama ya ku China) 2,500 kwa wa digiri yoyamba, 3,000 kwa wa masters. Ndiye munthu wanuyo akugulitsa chiyani? Ena mwa anthu otere amapezera mwana malo olipira okha n'kuwatcha sikolashipi, kapena kachidutswa kongochotsera fizi ya chaka chimodzi. Chaka chachiwiri khola lili mbee, mwana ali kutali, akulira pa WhatsApp. Ndipo mwanayu munamufunsa ngati akufuna udokotala? Kapena mukungofuna kuti kumudzi azikutchulani kuti bambo a dokotala?

Tsono iwe mwana wanga, uyambe wadziwa chifukwa chimene China imaperekera mwayi umenewu, poti wati umakonda zaukazembe. Dziko lathu linali pa ubale ndi Taiwan kwa zaka zoposa 40, mpaka mu Disembala 2007 pamene boma la Bingu wa Mutharika linatembenukira ku Beijing. Chofunika chachikulu kwa China chinali chimodzi, kuvomereza kuti China ndi imodzi ndipo Taiwan ndi gawo lake. Zitatero tinaona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la Bingu, zonse zomangidwa ndi thandizo la China. Masikolashipi ndi mbali ya ndondomeko yomweyo. Pa msonkhano wa China ndi maiko a mu Africa wa 2018 ku Beijing, Pulezidenti wa China Xi Jinping analonjeza masikolashipi 50,000 a ophunzira a mu Africa. Akudziwa kuti mtsikana amene wakhala zaka zinayi ku Wuhan, akuyankhula chilankhulo chawo ndipo ali ndi anzake kumeneko, tsiku lina adzakhala mu ofesi yosainira makontrakiti. Sindikunena kuti n'zoipa. A ku Britain amachita zomwezo ndi sikolashipi ya Chevening, a ku America ndi ya Fulbright. Ungolowamo maso ali otsegula, ukudziwa kuti iwo ali ndi chofuna chawo, iwenso uli ndi chako.

Za udokotala ku China ndinene mwachidule. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba pa sikolashipi ya boma amakhala m'Chitchaina, ndipo umayamba ndi chaka chathunthu chophunzira chilankhulocho. Ngakhale kumene amaphunzitsa m'Chingerezi, wodwala amene ukamupime m'chipatala adzakufotokozera ululu wake m'Chitchaina. Ukabwerera kuno, a Medical Council of Malawi ayenera kuvomereza pepala lako usanagwire wodwala. Munthu amene mtima wake suli pa ntchitoyi safika kumapeto.

Koma nawenso usandiuze za ukazembe ngati kuti ndi ntchito yofunsira ndi kalata. Kazembe amasankhidwa ndi Pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi komiti ya aphungu, ndipo tonse tikudziwa kuti ndale zimalowapo kwambiri. Ogwira ntchito ku unduna wa zakunja amalowa ngati wina aliyense wa m'boma, pamalo ochepa amene amatsegulidwa mwa apo ndi apo. Digiri ya maubale a maiko payokha yasiya ambiri akuyendayenda ndi ma envelopu.

Chimene ine ndimakhulupirira ndi ichi. Funsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, usankhe maphunziro okupatsa luso logwirika: zamalamulo, zachuma, zaulimi, zomangamanga. Pambali pake yamba Chitchaina. Yunivesite ya Malawi ili ndi Confucius Institute, imodzi mwa sukulu zimene China yakhala ikutsegula m'maiko ambiri kuyambira 2004 pofuna kufalitsa chilankhulo ndi chikhalidwe chake. Mayeso a Chitchaina amatchedwa HSK. Gawo lachinayi limafuna mawu oposa 1,000, ndipo ndi pamene mayunivesite ambiri a ku China amayamba kukuwerengera. Sizophweka. Liwu limodzi limasintha tanthauzo malinga ndi mmene wakwezera kapena kutsitsira mawu, ndipo zilembo zake uyenera kuziloweza chimodzichimodzi. Ambiri amayamba ndi moto n'kusiya miyezi itatu isanathe, akazindikira kuti moni yekha sagula ntchito.

Koma taganizira Mmalawi wodziwa malamulo kapena zachuma amene angathe kuwerenga yekha pangano la ngongole kapena la migodi, osadalira womasulira wobwera ndi mbali inayo. Makampani a ku China omanga misewu kuno amafuna anthu otere, boma limawafunanso, ndipo ndi ochepa kwambiri. Ukakhala ndi digiri yoyamba ndi HSK m'manja, sikolashipi ya masters imafikirika kusiyana ndi panopa, ndipo umapita uli wamkulu, wodziwa chimene ukukatenga. Khomo la ku unduna wa zakunja likadzatseguka, udzagogoda uli ndi chinthu chimene anzako alibe.

Mapointi 16 si oipa, ngakhale sakutsegulira khomo lililonse. Mutu uli nawo, kalata yako ikuonetsa. Awerengere bambo zimene ndalembazi, ndipo munthu uja akabweranso, mumufunse dzina la yunivesite ndi kalata yochokera kumeneko, kenako mukafunse ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe ngati akuidziwa musanatulutse ndi tambala yomwe.