Ma drone si mafoni, mphwanga

Ukuti ukufuna kuyamba kuoda ma drone, tindege tija tating'ono ta kamera touluka popanda munthu m'kati, ku Johannesburg poti anyamata ojambula maukwati akuwafuna, ndiye ndikuuze mmene geniyi imayendera. Chabwino, koma zogula ndi zokwera basi sindinena. Wosadziwa zimenezo akhale pakhomo.

Iwe ukuona chidole, aboma amaona ndege. Ku South Africa malamulo ake anayamba mu 2015: osakwera kupyola mamita 120, osayandikira munthu, msewu kapena nyumba ya eni kuchepera mamita 50, ndipo bwalo la ndege ulitalikire makilomita 10. Wa m'shopu sangakuuze, iye akufuna ndalama basi. Kwathu kuno timanyadira zoti ku Kasungu anatsegula malo oyesera ma drone mu 2017 mothandizidwa ndi UNICEF, kenako sukulu yake ku Lilongwe mu 2020. Inde, koma amenewo amayenda ndi makalata azidindo. Iwe uli ndi chikwama cha shangani.

Ine chaka china ndinatenga ndalama ya katapila n'kudzaza katoni ndi ma drone a kampani ya DJI, makasitomala atalipira kale theka. Kuchoka Beitbridge kudzafika Mwanza pali zipata zingapo, sinditchula kuti ndi chiti. Bwana wina anang'amba katoni, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chilolezo chili kuti? Malisiti ndinali nawo, ya duti ili m'thumba, iye ayi. Akuti ndikufuna kukajambula malo a asilikali, akuti zinthu zimenezi zimaba zinsinsi za anthu. Ine, munthu woti ndinayamba ndi zitenje ndi mapoto iye akadali pasukulu! Basi inandisiya. Ndinagona pakhonde udzudzu ukundidya, m'mawa akuti amene ali ndi makiyi wapita kumaliro. Maliro amenewo anatha miyezi. Wakatapila samva za maliro, makasitomala anafika mpaka kwa apongozi anga, puloti yanga inapita pamtengo wozizira. Tsiku lomwe anandibwezera katundu, mabatire ena anali atatupa, ndipo m'kati mwa drone imodzi munali zithunzi za phwando la mwana wa munthu, keke ndi mabaluni. Omwe aja ankandilalikira za zinsinsi. Ndikakumbukira mtima umabwadamukabe. Koma ndinadzuka, lero amene ankandiseka amabwera kudzandifunsa mitengo.

Kodi unafunsa chiyani paja? Eya. Chilolezo uyambe wachifunsa kwa oona za ndege usananyamuke, ndipo mayiko odutsamo ali ndi zofuna zawo. Usanamizidwe ndi timadrone tija tating'ono ta magalamu 249 timene ena amati n'tosafunika chilolezo, wa pachipata sayenda ndi sikelo. Ukabwera pandege, mabatire akhale m'chikwama cha m'manja.

Chinanso, ona nkhope ya amene ukumugulitsa. Mabafa athu a kumudzi ndi a udzu, alibe denga. Mnyamata akaulutsa kanthu kameneka pachinkhoswe, amayi a eni akusamba kuseri, nkhani ikafika kwa amfumu funso lachiwiri limakhala lakuti anagula kwa ndani. M'tauninso munthu anamanga mpanda wa njerwa kuti asaonedwe, iwe n'kumubweretsera diso lochokera kumwamba. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, ndipo kanema wa nkhope yake akangofika pa WhatsApp sabwereranso. Ine aliyense wogula ndimalemba nambala ya makina ndi ya chitupa chake m'kope, asaine. Wokana kusaina akagule kwina.