Yankho kwa asuweni: za ligi ya ku Mallee ija

Eee, moni nonse pagulupa... asuweni, funso lanu ndalimva, loti ligi ya mpira wa dzira ija ndinakuuzani inatha bwanji. Koma inu ndimakudziwani inu. Munthu woti simunauonerepo olo mphindi imodzi, lero mwadzuka ndi chidwi cha mpira wa ku Australia? Hahaha. Mukuzungulira, mukufuna ya majezi a ligi yanu ya kumudzi, ingonenani.

Chabwino. Dzina lake inali Mallee Football League, kuno ku Victoria, dera la tirigu yekhayekha. Inayamba 1997 ataphatikiza maligi awiri, Northern Mallee ndi Southern Mallee, inatha 2015. Zaka 18... iyayi, ma season ndi 19, masamu ndinasiyira inu. Matimu ake Walpeup-Underbool, Sea Lake-Nandaly, Woomelang-Lascelles, mwaona maina ake ali awiriawiri? Dikirani, ndibwerera pamenepo.

Zikundikumbutsa amalume aakulu. Ana inu simunawaone ali ndi timu. Mpira wachikopa uja anabwera nawo ku Joni ankagona nawo kunsi kwa bedi, kuupukuta ndi kansanza, pompa ya njinga pambali, ukaukhudza usanasambe m'manja unkaona zakuda. Ndiye chaka china anakonza fainolo, mphoto yake mbuzi, mbuzinso ya azakhali, osapempha... nkhani imeneyo tisaiyambe, azakhali ali pagulu pompano. Moni azakhali. Ndiye latsala sabata imodzi, lole inabwera kudzatenga matenanti a fodya, anyamata anayi kukwera, goloyi ali momwemo. Amalume kuzungulira mudzi wonse panjinga, mpaka kukagwira mnyamata wa kuchigayo ali mbuu ndi ufa, woti mpira sanaumenyepo. Sanakwanebe. Mapeto ake analowa okha pagolo atavala gambuti, chipewa kumutu, mluzu uli pakhosi poti refa analinso iwowo poyamba. Anamwa zigoli 6. Kapena 7? Amayi amati 7. Iwo mpaka kumwalira ankati linali dzuwa, limawathobwa m'maso. Kunali mitambo tsiku limenelo, ine ndinalipo, ndinagwirizira chingwe cha mbuzi.

Aaa, ndimati chani... eya, maina awiriawiri. Ndi timatauni tiwiri tophatikiza timu imodzi chifukwa anyamata sakukwana. Mpira uwu umafuna anthu 18 mbali imodzi pabwalo, kuonjezera timu yachiwiri, ya ana, ndi netibo ya atsikana tsiku lomwelo. Ndiye minda ikunka nikula, mlimi mmodzi ndi makina ake kugula munda wa neba, chilala chinavutanso zaka za m'ma 2000, achinyamata kumathawira ku Melbourne. Beulah ndi Hopetoun, anthu opikisana kuyambira kalekale, anaphatikizana kukhala Southern Mallee Giants. Chaka chomaliza kunatsala matimu 5 basi, kumangokumana okhaokha. Kenako Ouyen United inaphatikizana ndi Walpeup-Underbool n'kulowa ligi ya Sunraysia, ya kuno ku Mildura, Sea Lake-Nandaly inapita North Central, nkhani yathera pomwepo.

Matimu amenewa majezi anali nawo, asuweni, mipira analinso nayo. Anasowa anthu oti avale. Ndiye musanandiwerengere mtengo wa jezi, ndiwerengereni anyamata. Osati amene akubwera ku training lero poti kulibe ganyu, ayi, amene adzakhalepo dzinja, amene sakusunga ya basi ya ku Joni mobisa. Amalume mpira anali nawo, wokongola, mbuzi inalipo, anasowa goloyi.

Mwamva? Anthu kaye, majezi pambuyo. Lembani maina, mudzi ndi mudzi, munditumizire, ndipo musalembe dzina lanu ndi bondo lanu lija, ndikudziwa. Ndikaona ndiye tikambe. Batire latsala pang'ono apa, azakhali za mbuzi ija ine ndinangogwira chingwe basi.