Funsani adokotala: chitetezo cha mthupi kwa mayi woyembekezera ndi khanda

Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi 5, mimba yoyamba. Chimfine sichikundichoka, chikatha ichi chabwera china. Mnzanga wina akugulitsa mabotolo a zitsamba pa WhatsApp akuti amakweza chitetezo cha mthupi, koma mtengo wake eeh, ndiwo za sabata yonse. Apongozi nawo akuti andipezera mankhwala achikuda. Ndimwe ziti? Ndine mayi wa ku Mponela.

Mayi, musamwe zonse ziwiri, ndalamayo mukagulire mazira ndi usipa. Mukakhala ndi pakati chitetezo cha mthupi chimasintha ndithu, thupi limachita dala kuti lisalimbane ndi mwana amene ali mmimbamo, nchifukwa chake chimfine chimakukakamirani komanso malungo akakugwirani amakugwirani moopsa kuposa kale. Ndiye palibe botolo limene lingasinthe zimenezi, ndipo zambiri zogulitsidwa pafonizi sitidziwa kuti mkatimo athiramo chani. Za achikudazo, auzeni apongozi mwaulemu kuti akuchipatala aletsa. Makamaka mwanamphepo, ameneyu amayambitsa ululu wa kubereka mwamphamvu chiberekero mpaka kung'ambika, sizocheza ayi.

Chimene chimamanga chitetezo chili mmbale mwanu momwemo. Kusikelo amakuuzani za magulu 6 a zakudya, anthu amangoimba ngati nyimbo koma kunyumba ndi nsima ndi masamba owiritsa basi. Yesetsani kuti tsiku lisadutse opanda nyemba kapena nandolo kapena soya, ndipo usipa, matemba, bonya muzidya ndi mitu yomwe ndi minga zomwe, mmenemo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa muzitendera nsinjiro chifukwa vitamini A amalowa bwino mthupi pakakhala mafuta pang'ono, komanso musaphike mpaka masamba kuda ndipo soda muchepetse, amaononga mavitamini. Mbatata yofiira mkati ija, maungu, papaya yakupsa, mango nthawi yake. Mazira idyani owiritsa bwino, zoti mwana adzabadwa opanda tsitsi nzabodza, ndipo zimandiwawa kuti mwambo umenewu umamana mayi chakudya chabwino chotchipa pa nthawi imene akuchifunitsitsa.

Kanthu kena kamene ambiri sadziwa: tiyi mukamwera limodzi ndi chakudya amatchinga ayironi kuti asalowe bwino mmagazi. Tiyiyo mumwe patadutsa ola limodzi kapena awiri, ndipo pakudya muziphatikiza gwafa, lalanje kapena madzi a malambe, izi zimathandiza ayironi kulowa. Mapilitsi owonjezera magazi akusikelo aja musataye pansi pa bedi chifukwa choti akukuchititsani nseru, yesani kumwa usiku mukamagona. Chimbudzi chikada ndi mapilitsi omwewo, musaope. Ngati mwayamba kulakalaka dothi, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti magazi achepa, kawauzeni anamwino akuyezeni.

Neti mugonemo usiku uliwonse olo kutenthe, Fansidar wakusikelo woteteza ku malungo mumwe ulendo uliwonse akakupatsani, ndipo katemera wa kafumbata mubayitse. Chimfine wamba ndi kupuma, madzi ambiri, kusamba mmanja ndi sopo. Koma thupi likatentha musadikire mawa.

Adokotala, mwana wanga ali ndi masabata atatu, amalira kwambiri usiku. Agogo ake akuti mkaka wanga sukumukwana, timupatse timadzi ndi kaphala kamadzimadzi, enanso akuti uchi pang'ono palilime kuti asamadwale chifuwa. Atabadwa agogowo anafuna ndifinye mkaka wachikasu uja nditaye koma anamwino anakaniza. Ndasokonezeka. Mayi wa ku Ndirande.

Anamwino aja anachita bwino zedi. Mkaka woyamba wachikasu, wolimba ngati uli ndi mafuta uja, siwoola ayi, ndiwo wodzadza ndi asilikali a mthupi mwanu amene amakamata mmatumbo mwa mwana kuti tizilombo tisalowe. Ndi wochepa inde, koma kamimba ka mwana wa tsiku limodzi nako nkochepetsetsa, timadontho tomweto timakwana.

Nkhani yake ili chonchi. Mwana amabadwa ndi chitetezo chobwereka kwa inu, chimene chinadutsa pa nsengwa makamaka miyezi itatu yomaliza ya mimba, nchifukwa chake ana obadwa masiku asanakwane amadwala msanga. Chobwerekachi chimatha pang'onopang'ono mmiyezi yoyambirira pamene chake chikukhwima, ndipo chimene chimatseka mpatawo ndi bere. Chosangalatsa nchoti inu mukakumana ndi kachilombo pakhomopo, thupi lanu limapanga asilikali olimbana nako nkuwatumiza mumkaka. Choncho olo mudwale chimfine musasiye kuyamwitsa, ingosambani mmanja osamutsokomolera kumaso.

Ndiye miyezi 6 yoyamba bere lokha. Madzi ayi, olo mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mkaka wammawere mbali yaikulu ndi madzi kale. Timadzi ndi kaphalako ndi njira imene kutsegula mmimba kumalowera, komanso mwana akakhuta phala sayamwa, akapanda kuyamwa mkaka umachepa, kenako agogo nkumati mwaona ndinanena ine. Uchi ndiye ayi mpaka atakwanitsa chaka, umatha kukhala ndi tizilombo timene timafooketsa minyewa ya khanda mpaka kulephera kupuma. Kwa amayi amene ali ndi HIV lamulo la bere lokhali ndi lofunika koposa, kusakaniza ndi zina kumawonjezera mpata wopatsira mwana, ndipo ma ARV asadumphe olo tsiku limodzi.

Kuti mudziwe ngati mkaka ukukwana werengani matewera, akamanyowetsa ka 6 kapena kuposa patsiku ndipo kusikelo akukwera, ukukwana. Muonetsetse akuyamwa atayasamula bwino, mbali yakuda ya bere italowa mkamwa osati kansonga kokha, amalize bere limodzi kaye musanamusinthe. Muzimugoneka pachifuwa panu khungu ndi khungu, zimamutonthoza ndi kumufunditsa. Pamchombo osapaka phulusa, mafuta kapena china chilichonse chimene sanakupatseni kuchipatala. Ndipo chonde osamubereka kumbuyo mukusonkha moto mkhitchini yodzadza utsi, utsi wa nkhuni ndi makala umabweretsa chibayo. Agogowo musalimbane nawo, akufuna zabwino, atengeni ulendo wotsatira wakusikelo akamve okha. Koma khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, kapena likazizira, likakana kuyamwa, likamapuma mothamanga nthiti kulowa mkati, nyamukani nthawi yomweyo olo pakati pa usiku.

Adokotala, akazi anga akuyamwitsa bwinobwino ndipo mwana ndi wathanzi. Ine ndimakonda zachilengedwe, katemera yense uja ngofunikadi? Bambo wa ku Area 25.

Ngofunika bambo, yense. Bere limateteza zambiri koma silingaphunzitse thupi la mwana kuzindikira chikuku, poliyo kapena chifuwa chokoka mtima. Katemera ndi amene amachita zimenezo, ndipo amene amagwira ntchitoyo ndi thupi la mwana lomwelo, katemera amangolionetsa mdani asanafike. BCG (wa chifuwa chachikulu) ndi wa poliyo akangobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15. Kutentha thupi pang'ono ndi kulira tsiku limodzi akabayidwa sikoopsa, ayamwe pafupipafupi. Akakwana miyezi 6 ayambe phala lothira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, alandirenso vitamini A, bere lipitirire mpaka zaka ziwiri. Buku lakusikelo lija litengeni lero muone tsiku lotsatira, mukawaperekeze mayiwo.