Kukumbukira Michael Hart ndi nkhani ya foni yolowa kutsimba

Ophunzira a pakoleji ina, amene ali ndi kagulu kowerenga mabuku, andilembera motere: "Agogo, mabuku ambiri timawerenga kwaulere pafoni, ndipo tamva kuti adayambitsa zimenezi ndi Michael Hart wa ku America, yemwe adamwalira mu 2011. Tikufuna timuchitire mwambo womukumbukira, tisindikizenso malaya a nkhope yake. Kodi n'zololedwa kukumbukira munthu amene si m'bale wathu? Chinanso, mtsikana mnzathu adajambula mobisa nyimbo ndi malangizo a kutsimba pomwe mng'ono wake ankavinidwa. Akufuna aziike pa intaneti, akuti nzeru n'za aliyense ngati mmene Hart ankafunira. Apa ndiye tagawanikana."

Adzukulu anga, funso loyambalo lisakuvuteni. Makolo adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo amene wakupindulitsa umamuthokoza ngakhale sukudziwa mfunda wake. Mukumbukireni ndithu. Koma yambani mwamudziwa bwino, chifukwa malaya okhawo sangakuuzeni kuti adali munthu wotani.

Pa 4 July 1971, Hart adali mnyamata wa zaka 24, wophunzira pa University of Illinois. Anzake oyang'anira kompyuta yaikulu ya pasukulupo, Xerox Sigma V, adamupatsa mwayi woigwiritsa ntchito. Tsikulo dziko lawo limakondwerera ufulu, ndipo m'sitolo ina adali atamupatsa kapepala ka Declaration of Independence, chikalata cha mu 1776 chimene Amereka adalengezera ufulu wawo. Iye adachitayipa chonse, chilembo ndi chilembo, n'kuchisiya poti aliyense wolumikizidwa atenge. Ndi mmene idayambira Project Gutenberg, laibulale ya mabuku aulere pa intaneti, yomwe adaitcha dzina la Johannes Gutenberg wa ku Mainz, uja adayamba kusindikiza mabuku ndi makina cha m'ma 1450.

Inu mumafuna chinthu chitchuke lero lomwe, ndiye tamvani mmene ntchitoyo idakwawira. Buku lachikhumi, Baibulo la King James, lidatha mu 1989, patapita zaka 18. Adafika pa mabuku 100 mu 1994, pa 1,000 mu 1997, pa 10,000 mu 2003, ndipo lero adapitirira 70,000. Chidafulumizitsa ntchitoyo ndi manja a anthu ongodzipereka. Mu 2000 Charles Franks adayambitsa Distributed Proofreaders, komwe munthu amatenga tsamba limodzi lokha, kuliyerekeza ndi chithunzi cha tsamba la m'buku lenileni, kukonza pomwe makina owerenga zilembo pa chithunzicho aphonya, kenaka wina n'kudzaliwerenganso. Hart mwini wakeyo ankakhala moyo wosadzikweza ku Urbana, galimoto ankakonza yekha, makompyuta ankalumikiza kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi ena. Ankalimbikira kuti mabuku alembedwe m'zilembo wamba zopanda zokongoletsa, kuti ngakhale wa makina akale athe kutsekula.

Munthu wotere mukamusindikiza pamalaya n'kulekera pomwepo, ine ndikuona kuti mwamuphonya. Malayawo sindikukuletsani, ndi ndalama zanu. Koma theka lake likanakhala thiransipoti ndi bandulo zoti mukasunge kanthu kathu kamene kakutha. Mukukumbukira mu December 2015 pomwe laibulale ya Mzuzu University idapsa? Mabuku zikwizikwi adasanduka phulusa tsiku limodzi, ena a mbiri ya dziko lino ovuta kuwapezanso.

Tsopano za mdzukulu wanga wa foniyo. Iwe mwanawe, dzina la Hart usabisalemo. Project Gutenberg siika buku pa intaneti isanafufuze ngati nthawi ya umwini wake idatha mwa lamulo la ku America, apo ayi mwini wake akhale wavomera. Hart ankadandaula kwambiri ndi malamulo otalikitsa umwiniwo, makamaka pomwe boma la America lidaonjezera zaka 20 mu 1998, koma laibulale yake sadaidzaze ndi mabuku akuba. Nanga iwe wapempha kwa yani? Za kutsimba zili ndi eni ake. Alipo anamkungwi, alipo mafumu amene adaloleza chinamwalicho, ndipo koposa onse alipo mng'ono wako, amene mawu ake ndi manyazi ake ali m'foni yakoyo. Ukaziponya pa Facebook kapena WhatsApp sudzatha kuzibwezanso, anyamata a kusukulu kwake adzakhala nazo m'thumba mpaka iye adzakule. Ngakhale Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, dziko limaonera wa pabwalo. Za kudambwe zidatsala kudambwe.

Mwina ukuti kutsimba kuli zina zolakwika zofunika kuulula. Ngati udaona mwana akuzunzidwa kapena akukakamizidwa zogonana, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi ndi kwa oteteza ana, ndipo upite lero. Koma ngati ndi nyimbo ndi malangizo chabe, tenga amayi ako aakulu kapena azakhali ako, mupite kwa anamkungwi, ukanene zomwe udachita, ukafufute iwo akuona. Akakulipiritsa nkhuku, lipira osawiringula.

Zoti musunge zilipo zambiri zopanda mlandu: nthano, zilapi, nyimbo za pamtondo, maina a mitengo ya mankhwala, mbiri ya mmene mudzi udasamukira. Hugh Tracey adajambula nyimbo kuno m'zaka za m'ma 1950 dziko likadali Nyasaland, ndipo mpaka lero zikusungidwa ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa. Oimbawo ambiri adapita kale, koma adzukulu awo angathe kuwamva.

Mukafika pamudzi, yambirani kwa anyakwawa. Anyamata vulani zipewa, atsikana mangani zitenje, ndipo khalani pansi. Musamujambule gogo mutamuimirira pamutu. Foni isatuluke m'thumba musanafotokoze kuti mawuwo apita kuti ndipo adzawamva ndani. Akakana, thokozani n'kumacheza nawo basi, mwina ulendo wina adzavomera. Akavomera, lembani dzina lawo, mudzi ndi tsiku, kenaka ayatsireni amve okha zomwe mwajambula, chifukwa pamenepo ndi pomwe amakumbukira ndime yomwe adadumpha. Musapite chimanjamanja, kasopo ndi kashuga sikakusaukitsani.

Potayipa, lembani mmene gogoyo wayankhulira. Ngati wanena Chichewa cha ku Dedza kapena Chinyanja cha kunyanja, musachiwongole kuti chifanane ndi cha m'kalasi. Tsamba lililonse aliwerengenso mnzanu akumvetsera mawu ojambulidwawo, ndipo musunge malo oposa amodzi, kope limodzi la papepala libwerere kumudziko. Hart adamwalira pa 6 September, ndiye mwambo wanuwo uikeni tsiku limenelo, aliyense abwere ndi nthano imodzi yotayipa kale, yokhala ndi dzina la mwini wake pamwamba.